Kukonza Pulufu pa Kompyuta: Mpata Womaliza wa Wolemba

Nkhani iliyonse imene mukuwerenga m'magazini ino yadutsa m'manja ambiri isanafike kwa inu. Wina anailemba m'kope, wina anaitaipa, wina anaiyala pa tsamba, ndipo paliponse pamenepa chilembo chikhoza kugwa kapena kulowa pamene sichikufunika. N'chifukwa chake osindikiza mabuku, asanalize makina kuti atulutse makope ambirimbiri, amayamba atulutsa kope limodzi loyeserera n'kulitumiza kwa mwini nkhani kuti aliwerenge. Kope limeneli amalitcha pulufu.

Masiku ano aphunzitsi a m'mayunivesite ndi ena ochita kafukufuku sadikiranso pulufu ya pa positi. Amailandira ndi kuikonza pa intaneti, ndipo kawirikawiri amapatsidwa masiku awiri okha. Ena a ife tidzapita ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, ena ku Bunda, ku Nguludi kapena ku Mzuzu, ndipo tsiku lina mmodzi wa ife adzatsegula imelo n'kupeza kuti nkhani yake ikumudikira kuti aione komaliza. Ndi bwino tsono kuti tidziwiretu mmene ntchitoyi imayendera. Chipangizo cha pa intaneti chafupikitsa ulendo wa pulufu, koma kuwerenga kwenikweniko kukadali ntchito ya munthu.

Pulufu imabwera nthawi yanji?

Munthu akamaliza kafukufuku wake amalemba nkhani n'kuitumiza kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri. Kuno ku Malawi tili nawo magazini otere, monga Malawi Medical Journal ya za umoyo, ndi Society of Malawi Journal imene inayamba m'chaka cha 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal. M'magazini ambiri a mtundu uwu mkonzi savomera nkhani payekha. Amaipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu a phunziro lomwelo kuti aiunike, ndipo iwo amanena ngati ilandiridwe, ikonzedwe kapena ikanidwe. Zimenezi zimatenga miyezi.

Ife aseminale tili ndi chitsanzo chapafupi. Kumayambiriro kwa mabuku ena a Eklezia timaona mau a Chilatini akuti Nihil obstat ndi Imprimatur. Oyambawo akutanthauza kuti wounika sanapezemo chotsutsana ndi chiphunzitso, ndipo achiwiriwo ndi chilolezo cha aepiskopi chakuti bukulo lisindikizidwe. Koma aepiskopi akasaina sindiye kuti chilembo chilichonse chakhala m'malo mwake. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya kafukufuku. Akatswiri amaunika maganizo ndi njira imene wolemba anatsata, koma nkhaniyo ikalandiridwa imapita kwa anthu ena amene amasalaza chiyankhulo ndi kuyala masamba. Makampani akuluakulu osindikiza amapereka ntchito imeneyi kwa anthu a ku India, makamaka mumzinda wa Chennai, ndi a ku Philippines. Amenewa ndi odziwa ntchito yawo, koma Dedza sanaionepo ndipo Chichewa sachimva. Zimene iwo ayala ndiyo pulufu imene imabwerera kwa wolemba.

Kale zinkayenda bwanji?

Kuchokera pamene Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455, osindikiza ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kuzindanditsa chobwerera, monga mmene mau amaonekera pa galasi. Kulakwitsa kunali kosavuta. Tsono ankapaka inki, n'kudinda pepala limodzi lalitali, ndipo wowerenga ankalemba zizindikiro m'mphepete: ichi chichoke, apa palowe mau, awa asinthane malo. Akafufuta mau amene sanayenere kufufutidwa ankalemba liwu la Chilatini loti stet, ndiye kuti zikhale monga zinaliri. Wolemba akakhala kutali, pulufu inkayenda pa positi, kupita ndi kubwera, milungu kapena miyezi.

Mbiri yasunga zitsanzo ziwiri zoonetsa kuti ntchitoyi si yamasewera, ndipo zonse ndi za Baibulo. M'chaka cha 1590 ku Roma kunatuluka Baibulo la Chilatini limene Papa Sixtus V analiyang'anira yekha. Litatuluka linapezeka ndi zolakwa, ndipo zina anazikonza ndi cholembera, zina pomata timapepala pamwamba pa mau olakwikawo. Apapawo anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho, akadinala analetsa kugulitsa bukulo, ndipo makope amene anali atafalikira anaitanitsidwa. M'chaka cha 1592 Papa Clement VIII anatulutsa lina lokonzedwa, limene Eklezia analigwiritsa ntchito mpaka pamene Nova Vulgata inatuluka mu 1979.

Chitsanzo chachiwiri n'cha ku London m'chaka cha 1631. Osindikiza mabuku a mfumu, Robert Barker ndi Martin Lucas, anasiya kaliwu kamodzi koletsa pa lamulo lija lokana chigololo, limene ife timaliwerenga lachisanu ndi chimodzi. Lamulo loletsa linasanduka lolamula. Anawalipiritsa mapaundi 300, anawalanda chilolezo chosindikizira, ndipo makope ambiri anaonongedwa. M'Chingerezi panasowa zilembo zitatu. M'Chichewa chathu ziwiri zokha zikwana: chotsani "sa" pa liwu loti musamwe limene lalembedwa pa botolo la mankhwala a mbewu, muone chimene chatsala.

Mmene chipangizo cha pa intaneti chimagwirira ntchito

Nkhani ikakhala ndi olemba angapo, iwo amasankha mmodzi woti azilemberana makalata ndi osindikiza. Ameneyu ndiye amalandira imelo yokhala ndi linki. Akadina linkiyo, nkhani yonse imatseguka pa kompyuta, ndipo akhoza kulemba momwemo monga mmene timataipira kalata. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la chipangizochi. A Elsevier amachitcha Proof Central, a Springer amachitcha e.Proofing, koma kagwiridwe kake n'kofanana.

Choyamba, chilichonse chimene wolemba wasintha chimaoneka. Mau amene wachotsa amatsala odulidwa ndi mzere, amene waonjeza amatuluka ndi mtundu wina, kotero kuti mkonzi amadziwa zonse zimene zachitika. Palibe kusintha mobisa.

Chachiwiri, pambali pa nkhani pamakhala mafunso a osindikiza, olembedwa ndi manambala. Amafunsa zinthu monga izi: taonetsetsani kuti maina a olemba alembedwa bwino, buku ili mwalitchula m'nkhani koma pa mndandanda wa kumapeto palibe, chaka ichi chikusiyana ndi chimene mwalemba pa tsamba lina. Funso lililonse liyenera kuyankhidwa, ngakhale yankho likhale loti zili bwino, ndipo zipangizo zambiri sizilola munthu kutumiza pulufu mafunso ena asanayankhidwe.

Chachitatu, pali zinthu zimene wolemba sangazikonze yekha ndi dzanja lake, monga zithunzi ndi mapu. Pa zimenezi amasiya uthenga wofotokoza chimene chalakwika, kapena amatumiza chithunzi china cholowa m'malo.

Chachinayi, pali batani losungira ntchito ndi batani lotumizira. Losungira mukhoza kulidina kangapo, kuchoka, n'kudzabweranso. Lotumizira ndi la kamodzi. Mukalidina khomo latsekeka, ndipo nkhani ikhoza kuoneka pa intaneti patangopita masiku ochepa, dziko lonse n'kumaiwerenga.

Magazini ang'onoang'ono, kuphatikizapo ambiri a muno mu Africa, alibe zipangizo zoterezi. Iwo amatumiza pulufu ngati PDF, ndipo wolemba amaikapo zizindikiro ndi pulogalamu yowerengera PDF, kapena amalemba mndandanda wonena tsamba, mzere, mau olakwika ndi mau oyenera. Njira ndi yosiyana koma udindo ndi womwewo.

Ubwino wa chipangizo cha pa intaneti ndi woonekeratu. Kale wolemba ankalemba chizindikiro, munthu wina n'kuchiwerenga ndi kutaipanso, ndipo pokonza cholakwa chimodzi ankatha kubala china. Lero mau amene wolemba wataipa ndi omwewo amene amasindikizidwa. Koma apa pomwe ndi pamene pali ngozi. Iye akalakwitsa potaipa, mwina palibenso wina pambuyo pake woti aone.

Zoyenera kuziyang'anitsitsa

Yambani ndi mutu wa nkhani ndi maina. Anthu ambiri amathamangira m'kati mwa nkhani n'kudumpha zilembo zikuluzikulu, poganiza kuti pamenepo sipangalakwike. Munthu wa ku Chennai sadziwa kuti pa maina awiri a Mmalawi la bambo ndi liti, ndipo akhoza kuwatembenuza. Zikatero, ofufuza nkhaniyo ndi dzina la mwini wake sadzaipeza, ndipo thukuta la zaka zitatu lidzalembedwa pa dzina la munthu amene kulibe. Onaninso dzina la sukulu kapena bungwe la wolemba aliyense, ndi la amene anapereka ndalama za kafukufuku.

Kenaka manambala. Tiyerekeze kuti wophunzira wa zaulimi wakhala nyengo ziwiri m'minda ya kuno ku Kabwazi akuyesa mankhwala opopera mbatata ya kachewere pothana ndi chiwawu. Wapeza kuti muyeso woyenera ndi makilogalamu 2.5 pa hekitala. Poyala tebulo kadontho kaja kagwa, ndipo pasindikizidwa 25. Nkhaniyo siithera mu laibulale. Wina adzaiwerenga polemba kabuku ka alangizi, mlangizi adzaphunzitsa alimi pa kalabu, ndipo mlimi amene anagulitsa mbuzi kuti agule mankhwala adzathira kuchulukitsa kakhumi. Ndalama zapita, mbewu zapsa, ndipo madzi a m'dimba aipa. Mlimiyo sadzadziwa n'komwe kuti tsoka lake linayambira pa kadontho. Choncho nambala iliyonse ya m'pulufu iyerekezedwe ndi ya m'kope lanu loyamba, imodziimodzi. Onani ngati manambala a m'tebulo akugwirizana ndi a m'nkhani, ngati mizere siinasunthe, ndiponso ngati magalamu sanasanduke makilogalamu.

Chachitatu ndi zithunzi. Mau ofotokoza chithunzi chachiwiri akhoza kupezeka pansi pa chachitatu. Mapu amene anali ndi mitundu akhoza kutuluka akuda ndi oyera, mitsinje ndi misewu osasiyananso.

Chachinayi, chimene chimatikhudza ife kwambiri, ndi mau a Chichewa. Wolemba za chikhalidwe, za chipembedzo kapena za mbewu zamakolo amaika mau a chiyankhulo chathu m'nkhani ya Chingerezi, ndipo pa anthu onse amene agwira nkhaniyo ndi iye yekha angadziwe ngati alembedwa bwino. Nkhodolero ikagwa, ng'oma imene timaimba m'tchalitchi imasanduka ngoma, gule wa Angoni kapena nyama ya m'tchire. Chilembo cha h chikasowa, phala limasanduka pala, khola limasanduka kola, ndipo wophonya amakhala woponya. Kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ, kamene timakaona m'Buku Loyera la 1998, kamatha kusowa kapena kusanduka kabokosi ngati mtundu wa zilembo umene osindikiza asankha ulibe chilembochi. Makina amadulanso mau kumapeto kwa mzere potsata malamulo a Chingerezi, mwakuti dzina loti Kabwazi likhoza kudulidwa pakati pa b ndi w, pamene Mchewa sangadulepo.

Kompyuta siidziwa chimene mukufuna kunena

Ena amaganiza kuti popeza kompyuta imadula mzere wofiira pansi pa mau olakwika, ntchito yowerenga yatha. Ayi ndithu. Makina amangoona ngati liwu lilipo m'ndandanda wake, koma sadziwa ngati ndi liwu limene inu mumafuna. Phala ndi pala onse ndi mau. 2.5 ndi 25 onse ndi manambala.

Nthawi zina makinawo ndiwo amayambitsa cholakwa pofuna kuthandiza. Asayansi ofufuza za majini, tinthu timene timapatsira mwana maonekedwe a makolo, amawapatsa maina achidule monga SEPT2 ndi MARCH1. Pulogalamu ya Excel inkaona maina amenewa ngati masiku a pa kalendala, n'kuwasintha yokha kukhala 2 Sepitembala ndi 1 Malichi. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Australia anapeza kuti pafupifupi nkhani imodzi mwa zisanu zilizonse zimene anaziunika, zokhala ndi mindandanda ya majini mu Excel, inali ndi cholakwa chimenechi. Vutoli linakula mpaka m'chaka cha 2020 bungwe lopereka maina a majini a anthu linalengeza kuti lasintha maina ena, ndipo MARCH1 inasanduka MARCHF1. Ngati makina anasokoneza akatswiri otere m'chiyankhulo chimene makinawo amachidziwa, nanga Chichewa chathu adzachisiya?

Palinso mapulogalamu atsopano amene amatha kukonza chiganizo chonse kuti chimveke bwino. Ndi othandiza kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira ku sukulu, koma posalaza chiganizo akhoza kusintha tanthauzo. Pamene munati mwina, iwo n'kuika ndithu. Dzina limene lili pamwamba pa nkhani ndi lanu, ndipo wodzayankha mafunso ndinu.

Zimene pulufu siilola

Pulufu si nthawi yolembanso nkhani. Akatswiri anavomereza zimene anawerenga, ndipo wolemba alibe ufulu wosintha zotsatira za kafukufuku, kuonjeza ndime zatsopano, kapena kulowetsa dzina la mnzake amene sanagwire nawo ntchito. Zosintha zikuluzikulu ziyenera kupita kwa mkonzi kuti avomereze, ndipo zimachedwetsa nkhani. Wolemba akapeza kuti pali cholakwa chachikulu m'mawerengero ake, njira yoona ndi kumuuza mkonzi poyera, osati kusintha nambala mwakachetechete n'kuyembekeza kuti palibe adzaone.

Nanga cholakwa chikaoneka nkhani itatuluka kale? Osindikiza safufuta mwakabisira. Amatulutsa kachidziwitso kapadera, kamene kamatchedwa erratum kapena corrigendum, mau a Chilatini amene ife sitingavutike nawo, ndipo kamamangirizidwa ku nkhaniyo mpaka kalekale. Koma amene anakopera kale nkhaniyo pa kompyuta yawo mwina sadzakaona. Madzi akatayika saoleka.

Malangizo kwa wokonza pulufu ali kumudzi

Chipangizochi chinapangidwa ndi anthu amene magetsi ndi intaneti siziwavuta. Kuno ku mapiri netiweki imabwera ndi kupita, magetsi amazima, ndipo bandulo imatha ntchito ili pakati. Masiku awiri aja akhoza kukupezani muli pa holide kumudzi kapena pa maliro. Nazi njira zothandiza.

Nkhani yanu ikalandiridwa, muziona imelo tsiku lililonse, ndipo muuziretu anzanu olemba nawo kuti akhale tcheru. Ngati masiku awiri sakukwanira, lembani msanga kupempha kuti akuonjezereni. Kupempha n'kwabwino kusiyana ndi kukhala chete, chifukwa magazini ena amapitiriza ntchito wolemba akapanda kuyankha.

Linki ikafika, musayambe kukonza nthawi yomweyo. Zipangizo zambiri zimalola kukopera nkhaniyo ngati PDF. Ikopereni, ipulinteni ngati n'kotheka, ndipo muiwerenge ndi pensulo popanda intaneti. Foni ndi yaing'ono, tebulo silioneka lonse, choncho pezani kompyuta.

Werengani katatu. Koyamba werengani kuti mumve tanthauzo. Kachiwiri ikani rula pansi pa mzere uliwonse ndi kuona chilembo ndi chilembo. Kachitatu onani maina, manambala, matebulo ndi zithunzi zokha. Diso la wolemba limaona zimene mutu wake ukukumbukira, osati zimene zili pa pepala, n'chifukwa chake osindikiza akale ankakhala awiri: mmodzi kuwerenga mokweza kope loyamba, wina kutsatira pa pulufu. Njira imeneyi siinakalambe. Mutu umodzi susenza denga.

Mukasonkhanitsa zokonza zonse, zanu ndi za anzanu, pitani pamene netiweki ili bwino, muzilowetse nthawi imodzi, ndipo muzidina batani losungira pafupipafupi. Werenganinso chiganizo chilichonse chimene mwachigwira, poona ngati simunasiye liwu kawiri kapena kulumikiza mau awiri. Sungani kope la zonse zimene mwasintha. Mukatero, ndiye dinani batani lotumizira.

Tiyambe lero

Wina anganene kuti zimenezi zili kutali, ife tikadalimbana ndi mayeso a Fomu 4. Koma diso lowerenga bwino silimera tsiku limene imelo yafika. Limakula pamene tikuwerenganso chimangirizo chathu tisanapereke kwa aphunzitsi, pamene tikukonzekera mau a pa Misa kuti tisadumphe mzere pa guwa, ndi pamene tikuthandiza akonzi a magazini ino.

Ndipo amene Mulungu adzawafikitse pa unsembe adzakumana ndi ntchito yomweyi pa parishi, ngakhale asadzalembe nkhani ya kafukufuku ndi imodzi yomwe. Kaundula wa ubatizo amafuna dzina loona ndi tsiku loona, pakuti patapita zaka 25 mwanayo adzabwera kudzafuna kalata ya ukwati, ndipo chilembo chimodzi cholakwika chidzamuyendetsa maulendo. Ndondomeko ya Misa ya maliro imene yalakwitsa dzina la malemu imapweteka mtima wa ofedwa. Lipoti la chuma cha parishi limene lataya ziro mmodzi limabala manong'onong'o m'miphakati. Pa zonsezi kompyuta idzatithandiza kutaipa msanga ndi kutumiza msanga. Koma kukhala pansi, kudekha, ndi kuwerenganso tisanasaine, zimenezo ziyamba ndi ife, pa chimangirizo chimene tipereke sabata ino.